Penti wobiriwira pa chitofu chathu

Mpaka lero ndikamva fungo la penti wa oyilo mtima umandiwawa. Ndinali mzamba pa kachipatala kena kufupi ndi Kachebere, nditangosamutsidwa kuchokera kwathu ku Chikwawa. Munthu wa kuchigwa ngati ine, chisanu cha Juni cha ku Mchinji chinkandilowa mpaka m'mafupa. Nanga ana obadwa kumene?

M'chipinda cha amayi obereka munali chitofu cha njerwa chimene anthu a m'midzi anatimangira pakona. Ukachisonkhezera m'mawa, njerwa zinkasunga kutentha tsiku lonse. Vuto linali loti anachisiya chosamata, ndiye utsi unkatulukira m'mipata. Amayi odikirira odwala anati, "Anamwino, tipatseni tsiku limodzi tichimate ndi dothi la pachulu, tichizire bwinobwino." Mawuwo ndinawalandira ndi manja awiri.

Koma bwana wa pachipatalapo, bambo wovala tayi ngakhale Loweruka, anakana kwamtuwagalu. "Dothi m'chipatala? Kukubwera alendo ochokera ku likulu, mayi. Mukufuna atione ngati tili m'khitchini ya kumudzi?" Masiku amenewo alendo akamabwera, ngakhale miyala ya m'mbali mwa msewu inkapakidwa laimu, ndipo wotsutsa ankafunsidwa kuti ali ndi maganizo otani. Ndinangoti, "Chabwino, bwana," m'kati ndikupsa.

Anachimata ndi simenti, pamwamba n'kupaka penti wobiriwira wotsala pa zitseko. Kukongola kokha, eee, kunalipo. Titasonkha moto pentiyo anatuluka matuza, fungo loboola mphuno linadzaza chipinda, ana onse kutsokomola. Ndinathamangira kwa bwana kukapempha kuti timupale. Iwo anabwera, anayang'ana matuzawo, n'kuti, "Mwawononga! Musasonkhenso mpaka alendo adutse." Anapakanso wina, nkhuni n'kuzitsekera m'sitolo, kiyi m'thumba mwawo.

Sabata yomweyo mtsikana wina wochokera kutsidya kwa malire anabereka mwana wosakwana masiku, kamwana kongokwana m'manja mwangamu. Kankayamwa ndithu, chimene kankasowa ndi kutentha basi. Ndinkathira madzi otentha m'mabotolo n'kuwakulunga m'nsalu, koma ankazizira ndisanamalize kuona odwala ena. Alendo aja? Lachiwiri akuti Lachisanu. Lachisanu akuti sabata ya mawa. Tsiku lililonse ndinkagogoda kwa bwana, yankho lomwelomwelo: "Pirirani, mayi." Apirire ndani, ine kapena khandalo? Ndinkatuluka mu ofesimo misozi ya ukali ili lengelenge.

M'mawa wina ndinapeza amayi ake a mtsikanayo atamanga kale katundu. Anali mayi wamtali, wosalankhulalankhula. Anagwada pang'ono n'kunena kuti, "Anamwino, musatikwiyire. Kwathu kuli moto. Kuno chitofu tikungochiyang'ana."

Ndinkadziwa kuti akawoloka malire sindidzathanso kumuyeza mwanayo, ngakhale kumupatsa mankhwala. Ntchito yanga inali kuwaletsa, ndipo mawu owaletsera ndinali nawo pakamwa. Ndinagwira kaphazi ka khandalo. Kanali kozizira ngati mwala wa kudambo.

Ndinavula juzi yanga n'kumukulunga mwanayo pachifuwa pa mayi wake. Katundu wawo ndinasenza ndine, kuwaperekeza kuseri kwa chipatala mpaka pa kanjira kodutsa m'mapesi kopita ku Zambia. Ndinawauza kuti afulumire dzuwa likadali lotentha, ndipo asamuchotse pakhungu pa mayi wake. Ngati mwanayo anakula kapena ayi, palibe anabwera kudzandiuza.