Mkonono wa Kuseri kwa Khoma

Mkonono wa bambo a kunyumba kwathu unkamveka mpaka kwa aneba. Iwo amathandiza madalaivala a matiraki kulemba mapepala a kasitomu pa boda ya Mwanza, ndipo anzawo ankawaseka kuti amawodzera pa benchi dzuwa lili paliwombo, cholembera chili m'manja. Inenso ndinkaseka nawo. Kutchalitchi azimayi ankandiyamikira: "Koma mukuwasamala abambo, taonani mimba!" Ndinkamva kukoma, ndisaname, mpaka ndinkawonjezera mafuta m'ndiwo.

Phokosolo linanditopetsa. Chaka chimene mwana wathu wamkazi anapita ku sekondale yogonera konko, ndinanyamula bulangete n'kusamukira m'chipinda chake. Sitinayambane. Iwo sanafunse, ine sindinafotokoze, zaka n'kumapita.

Atayamba kudandaula kutopa ndi kulemera m'munsi mwa nthiti kumanja, a chipatala cha kwathu anatitumiza ku chipatala china ku Blantyre. Dokotala atawaunika anati chiwindi chakutidwa ndi mafuta, ndipo tikalekerera chingathe kuuma n'kusiya kugwira ntchito. Anafunsa za mowa. Ndinapsa mtima.

"Adokotala, awa ndi mkulu wa mpingo. Mowa sanaulaweko."

Dokotalayo sanatsutse. Anati mafuta otere amagwiranso osamwa. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mayi, akagona amasiya kupuma? Kungoti zii, kenako n'kudzidzimuka ngati atsamwa?"

Ndinayang'ana pansi. Ndikanadziwa bwanji? Mkononowo ndinkaumvera kuseri kwa khoma, ndipo ukaduka ndinkathokoza Mulungu kuti ndigonako.

"Sangadziwe, adokotala," anandiyankhira abambo. "Amagona kwina. Ndimawasokosera."

Anatero mosadandaula, ndipo n'chimene chinandipweteka.

Anawagoneka m'chipatalamo usiku umodzi atawamata timawaya, ndipo zinatsimikizika. Dokotala anafotokoza kuti kukhosi kwawo kumatsekeka ali m'tulo, mpweya n'kuchepa m'magazi kambirimbiri, ndipo chiwindi chimavutika nazo. Kunenepa kumakulitsa zonse ziwiri. Anawalembera makina opopera mpweya m'mphuno pogona, koma anatichenjeza kuti makina okha sachotsa mafutawo. Thupi liyenera kutsika.

Makinawo anatumiza ndi mng'ono wawo wa ku Joni, kudzera kwa dalaivala wina. Kuno magetsi amazima nthawi iliyonse, choncho tinagula batire. Pankafunika munthu wogona pafupi woti azilumikiza makinawo ku batire magetsi akathima, chifukwa iwo sadzuka msanga. Ndinabweza bulangete langa popanda wondiuza. Patatha sabata anadzuka m'mawa ndi nkhope yodabwa.

"Mayi, ndalota. Ndinali nditaiwala kuti munthu amalota."

Masiku ano amapita ku boda wapansi, ndipo botolo la mafuta limakhalitsa. Chiwindi akuti chasiya kuipiraipira, ngakhale sichinachire. Azimayi aja tsopano amanditengera pambali: "Abambo aonda, kwagwanji kunyumba?" Ndimafuna kuwakalipira, koma ndimakumbukira kuti wothira mafuta uja ndinali ine.

Chimene sindinawauze abambo n'chakuti bata limandiopsa. Makina akamalira pang'onopang'ono, iwo ali phee, ndimaika dzanja pa nthiti zawo kuti ndimve zikukwera ndi kutsika. Ndimaganiza za zaka zija. Nthawi zonse pamene ine ndinkatembenuka n'kunena kuti zikomo Ambuye, watonthola, mwamuna wanga anali akusowa mpweya, yekha, kuseri kwa khoma.