Amayi Atasanduka Apongozi

Chaka chimene tauni yathu inaleka kutchedwa Foti Jemusoni n'kukhala Chipata, inenso ndinaleka kutchedwa wophunzira. Ine ndi koleji ya aphunzitsi tinasiyana mwamtendere: iwo anatsala ndi mabuku awo, ine ndinabwerera ku Chiparamba ndi mutu wanga ukadali watsopano.

Atate ndinawapeza atayamba kuiwalaiwala. Khasu ankalisiya kumunda n'kumalifuna m'khola. Popemphera korona ankaima pakati pa Tikuoneni Maria ngati basi yothera mafuta pachitunda, amayi n'kuwakankha ndi mawu otsatira. Tinkaseka, iwonso ankaseka. Ine, monga katswiri wa maphunziro osamaliza, ndinalengeza kuti ndi ukalamba chabe.

Dzinja lotsatira kuseka kunachepa. Anasochera pochokera kutchalitchi, njira imene anailambula okha. Kenako anandifunsa mwaulemu wonse kuti ndine mwana wa yani. Sisitere wa kuchipatala anati ndi matenda a ubongo, ndipo sabwerera m'mbuyo.

Tsiku lina tikuchokera kumunda wa thonje tinakumana ndi amayi atasenza ndowa. Atate atangowaona anapatukira m'tchire, n'kugwada chofulatira, akuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Atate, mwaona njoka?"

"Chete iwe! Suona apongozi akudutsa?"

Kwathu mkamwini sayang'anizana ndi amake a mkazi wake, ndipo sagona nawo nyumba imodzi. Agogo anga akuchikaziwo anamwalira ndili wakhanda, koma amayi pokalamba anatenga nkhope yawo yonse.

"Atate ake, ndine," anatero amayi. "Apongozi ati? Mwayamba liti kundiopa, inu amene mumandilanda bulangete?"

Atate anangowerama kwambiri. Ndinafufuza nthabwala m'mutu, osaipeza.

Kuyambira pamenepo anakana kulowa m'nyumba, ankagona kwa ine. Choopsa chinali chakudya. Amayi akabwera ndi mbale, atate ankathawira kuseri kwa nkhokwe. Ndikawapatsa ine, ankati sadya za alendo, adikira mkazi wawo. Ankangomwa madzi basi. Lamba anayamba kuzungulira chiuno mopitirira, ndipo ine m'mawa uliwonse ndinkayamba ndayang'ana ngati chifuwa chawo chikukwera n'kutsika.

Amayi anayesa kulira, anayesa kukalipa, anawaonetsa ndi mphete yaukwati. Zonsezo atate anaziona ngati apongozi asokonezeka mutu.

Masana ena amayi anafunda chitenje kumutu, n'kuika mbale ya phala la nsinjiro pansi, chapatali ndi nkhokwe. Anakhala chofulatira, n'kulankhula ndi mawu okoka a amayi awo.

"Apongozi, mwana wanga wapita kumaliro ku Mwami. Wasiya phala ili, wati mudye, musamudikire."

Kenako atate anawomba m'manja, anakoka mbale, anadya mpaka kukombeza ndi chala.

"Abwera liti?" anafunsa, maso ali pansi.

Amayi anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Mawa, apongozi. Abwera mawa."