Zala Zitatu za Aurèle Pelchat

Tsiku limene dokotala anamasula nsalu padzanja lamanzere la Aurèle Pelchat, mwini dzanjayo anatembenukira kukhoma. Zala ziwiri panalibe. Zinafa ndi chisanu pamene ngolo yake ya mitengo inaboola madzi oundana a mtsinje wa Harricana, kavalo n'kumira iye akuona.

Aurèle ankadula mitengo kunkhalango za chigawo chozizira cha Abitibi, koma anthu ankamudziwa ndi vayolini. Ukwati wopanda iye sunkakoma. Tsopano zala zokanikizira nsambo zija n'zimene zinapita.

Atabwerera kwawo, mantha anamanga naye msasa. Akangotsinzina, ankamva mtsinje ukung'aluka pansi pake ndi kulira kwa kavalo uja. Anasiya kuwoloka mlatho wopita kutchalitchi. Kunkhalango anamubweza, amvekere nkhwangwa siigwiridwa ndi zala zitatu. Pakhomo ana anali pululu, chisanu china chili m'njira. Vayolini anaikankhira kunsi kwa bedi.

Tsiku lina mkazi wake Fleurette anaisolola.

"Aurèle, nkhuni zatha. Ndiiponye pamoto?"

"Ndikuopa, Fleurette. Ndikaigwira n'kukanika, ndiye kuti ndatheratu. Ikakhala pansipo ndimadzinamiza kuti ndikadali woimba."

"Nanga dzanja lamanjali mukusungira ndani? Ansembe?"

Aurèle anamasula nsambo zonse n'kuzimanga mozondoka. Zala zitatu zija zinagwira uta wokhwekhwezera nsambo, dzanja lamanja n'kuyamba kuphunzira nsambo ngati mwana wongoyamba kukwawa. Phokoso lake linali lomvetsa chisoni.

"Pelchat, ukupha nkhumba uko?" anakuwa Télesphore, mnzake woyandikana naye nyumba. "Utisungireko mwendo!"

Nyimbo zakale zothamanga zija zinamukana. Choncho anayamba kupeka zake, zolingana ndi dzanja lake. Ina inali ya mtsinje: inkayamba ndi kubuula kwa madzi oundana, mapazi ake akuguguda pansi ngati ziboda za kavalo.

Chisanu chikutha, anamuitana kukaimba kuholo ya parishi, tsidya lina la mtsinje. Ananyamuka ndi Fleurette. Pakati pa mlatho anaima. Pansi pake zibuma za madzi oundana zinkagundana, zikulira ngati tsiku lija. Anagwira chitsulo cha mlatho.

"Tibwerere, Fleurette. Mtsinjewu sunathane nane."

"Yang'anani ine, osati pansi. Tiyeni."

Anawoloka maso ali pa Fleurette.

Kuholo, atangoyamba, uta unapulumuka n'kugwa. Aurèle anaponya maso pakhomo lotulukira. Kenako anawerama, kutola uta, n'kuimba nyimbo ya mtsinje mpaka kumapeto. Odula mitengo, amuna osadziwa kulira, ankapukuta maso ndi zipewa. Télesphore anaimirira.

"Nkhumba ija yaphunzira kuimba, anthuni!"

M'gulumo munali bambo wina wa kuwailesi. Nyimbo za Aurèle zinayamba kumveka pawailesi mpaka kumzinda wa Montréal, ndipo anakalamba akupeka zina, oimba anzake akubwera kudzaphunzira kwa iye. Wina atamufunsa kuti mantha anatha liti, anaseka.

"Sanathe. Mpaka lero manja amanjenjemera. Ndimangoimba choncho."

Inu amene mwataya chimene munkadalira, musadikire kuti mantha ayambe atha. Gwirani chimene chatsala, muyambe nacho mukunjenjemera momwemo. Osataya mtima.