Aphunzitsi Osauzidwa ndi Mbuzi Zawo

Kuseri kwa msika wa Nsaru kuli aphunzitsi ena opuma pantchito amene mawu oti "lamulo" amawayabwa ngati chitedze. Iwo amati boma lizikonza misewu, zina zonse lisiyire eniake. Wandale akamalankhula pa wailesi amamuyankha mokweza, koma wina akati atseke wailesiyo amamuletsa. "Msiyeni aname, pakamwa mpake. Makutu ndi anga."

Chaka chilichonse mvula ikayandikira, komiti ya m'mudzi imalengeza kuti mbuzi zonse zimangiriridwe, zisadye mbewu za anthu. Aphunzitsiwa amamangirira zawo komiti isanatsegule pakamwa, kuti pasapezeke wonena kuti amvera lamulo. "Munthu wamkulu sauzidwa," amatero.

Chaka chino komiti idafulumira. Idalengeza Lamulungu iwo ali kutchalitchi, mbuzi zikungoyendayenda. Kuzimanga tsopano kukadakhala kumvera, kuzisiya zikadamaliza nazale ya fodya ya aneba. Choncho adazilondola okha masana onse padzuwa, jekete la kutchalitchi lili m'thupi, akuzibweza apa ndi apo, thukuta lili kamukamu.

Chakumadzulo akazi awo adatuluka ndi zingwe. "Abambo, kodi ndizimange?"

"Ine sindilamula munthu, amayi. Ufulu ndi wanu."

"Ndiye ndasankha kukapuma," adatero mayiwo, n'kutembenuka.

Aphunzitsi adayang'ana tonde amene anali atalunjikanso kunazale. "Komatu amayi, ufulu umayenda ndi udindo."

Mayiwo adaponya zingwe zija pamapazi pawo. "Udindowo ndi umenewo. Mbuzi ndi zanu."