Madzi a Mwayi pa Galasi la Takisi

"Ndiwe! Wandithirira madzi m'mawaya, chitsiru iwe!"

Anakuwa motero a Stamen, oyendetsa takisi m'tawuni ya Dupnitsa, chala chili pamphuno pa Yordanka, mtsikana wotsuka magalimoto. Nyali za pa dashibodi ya takisi yawo zinkaphethira ngati diso lolowa chitsotso. Okwera akaziona ankatsikira panjira, kuopa kupsera m'galimoto.

Chinali chilimwe, mvula itasowa kalekale. Komabe makaniko anapeza chinyontho pansi pa dashibodi. Madzi achokera kuti? Kwa wotsuka, basi.

A Lachezar, eni malo otsukirapo, sanafunse n'komwe. "Ana a kunyumba ya amasiye ndinu amodzimodzi. Siya payipiyo, uzipita."

Ntchito inapita, ndipo kachipinda kakuseri komwe ankagona kanapita nayo. Tawuni yathu ndi yaing'ono. Kulikonse komwe Yordanka anagogoda, mbiri inali itafika kale: uyu ndi uja amapha magalimoto.

Inu mukanatani? Ambiri akanakwera basi ya kumzinda waukulu wa Sofia n'kuthawa manyazi. Yordanka mtima sunamulole. Dzina ndi chokhacho chomwe anatuluka nacho kunyumba ya amasiye, ndiye alisiye m'matope?

Anapita kumalo otayirako magalimoto akufa. Anapempha kuti azimasula zitsulo, eni malowo amulole kugona m'minibasi yopanda matayala. Akapeza mpata ankang'amba madashibodi, kutsata waya mmodzimmodzi mpaka komwe wathera. Anapsa zala. Anawotcha mafyuzi osawerengeka. Anzake ankamuseka: "Injiniya wathu, lero mwapha chiyani?"

Pang'onopang'ono mawaya anayamba kumuyankhula. Nyali imodzi ikamaphethira, ndi babu. Zikamaphethira zonse pamodzi, yang'ana batire, kapena waya wa ethi, uja amamangirira ku chitsulo cha galimoto. Ndipo anazindikira china: madzi a tsiku limodzi amauma. Owononga waya ndi madzi obwera tsiku ndi tsiku.

Uku a Stamen anasintha mababu, anasintha batire, anasintha ndi kotsukitsa komwe. Nyali zili phethiphethi.

Tsiku lina m'mawa Yordanka anakaima pageti pa a Stamen. Anawapeza akuliza injini. Asanatsegule pakamwa, anatuluka mayi Ginka, akazi awo a Stamen, atanyamula jagi.

Kwathu kuno munthu akamanyamuka timamuthirira madzi pansi, kutsogolo kwake, kuti zimuyendere ngati madzi. Koma mayi Ginka jagi yonse anaikhuthulira pagalasi lakutsogolo.

"Mayi, mumathira pamenepo masiku onse?"

"Nanga! Kale ndinkathira pansi, sanakagunde mtengo awa? Chichitikireni ngoziyo ndimathira pagalimoto penipeni."

"Bambo Stamen, tsegulani boneti."

"Choka apa iwe! Wabwera kudzaimaliza?"

"Tsegulani, bambo inu," anatero mayi Ginka. "Mwasintha zonse m'galimotomu, kwatsala mutu wanuwo."

Anatsegula akung'ung'udza. M'munsi mwa galasi muli kangalande kotulutsa madzi. Kanali katatsekeka ndi masamba owola, moti madzi a mwayi aja ankasefukira mkati, n'kumadonthera pabawuti ya waya wa ethi. Bawutiyo inali dzimbiri lokhalokha.

Yordanka anachotsa masambawo ndi zala, napala dzimbiri mpaka chitsulo chinawala, namanga bawuti zolimba.

"Lizani."

Nyali zinayaka, n'kuima nji. A Stamen anaponda mafuta, anayatsa nyali zakutsogolo, anamenya ngakhale dashibodi ndi chikhatho. Osaphethira.

Mayi Ginka anagwira pakamwa. "Mayo ine! Ndiye ndine?"

A Stamen anavula chipewa. "Mwana wanga, ndinakulakwira."

"Munandinyoza pagulu, bambo. Mukanene pagulu."

Anakanenadi, pasiteji ya matakisi, anzawo onse akumva ndi kuwaseka. Sabata yomweyo wina anabweretsa galimoto yake, kenako wina. Lero Yordanka ali ndi kagalaja kake pafupi ndi siteshoni ya sitima, ndipo za magetsi a galimoto m'tawuni muno amakuuzani kuti pitani kwa Yordanka. Tsiku lotsegulira mayi Ginka anabwera ndi jagi yawo. Anathira pansi.

Iwe amene akunamizira lero, amene akutsekera chitseko chifukwa cha komwe unachokera, usataye mtima, komanso usathawe. Lira ngati ukufuna, koma ukatha upite ukaphunzire chinthu chomwe akukunamiziracho, uchidziwe mpaka kumizu. Bodza lili ngati waya, lili ndi komwe lathera. Litsate.

Koma nkhaniyi sindingaitseke bwinobwino, chifukwa pali munthu mmodzi amene sanatsegulebe pakamwa. A Lachezar amadutsa pagalajapo m'mawa uliwonse, nkhope atayang'ana kumbali.

A Lachezar, ine ndinakulira m'nyumba ya amasiye yomweyo. Munati ndife amodzimodzi. A Stamen anapsa mtima chifukwa galimoto inali yawo, ndipo anapepesa. Nanga inu? Munamuchotsa mwana wopanda kwawo pantchito ndi pogona osamufunsa funso ngakhale limodzi. Analakwa chiyani? Musayang'ane kumbali. Yankhani!