Sikadziwa kanthu, eti?

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza alamu anga, namwino wa pachipatala cha mishoni, kumalayini, nyumba za antchito a esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo. Ankakaona mayi wina wothyola tiyi amene wangochira kumene.

Pakhomo pa akapitawo tinapeza kamwana ka pusi katamangidwa waya m'chiuno. Make anagwidwa ndi agalu m'munda wa nthochi. Kanali kudzizula ubweya, mchira uli magazi okhaokha chifukwa chodziluma. Azibambo a ndevu zawo akukatosa ndi ndodo, chiseko phwete.

"Akapitawo, kakulakwirani chiyani?" ndinafunsa.

"Aaa, kazolowera. Kakadali kakhanda, sikadziwa kanthu."

Alamu anandikoka malaya. Tili m'njira anandifotokozera kuti nyama ikaopsedwa, thupi limathira mahomoni a mantha m'magazi. M'magazimo muli china chimene chimawagwira kuti asachite kusefukira, ndipo chimenecho chimabwera ndi msinkhu. "Ndiye khanda, la pusi kapena la munthu, musamati ndi mwala," anatero. "Thupi lake likuphunzira kumene kunyamula mantha."

Titafika kwa mayi uja, tinapeza diso lili lotupa. Akuti anagunda chitseko. Chitseko cha zala zisanu? Mwamuna wake atangotsokomola panja, mayi anaumitsa thupi, khanda lili kubere nkusiya kuyamwa, nkuyamba kulira. Anansi amene anamva zonse kudzera pakhoma anangoti, "Za m'banja izo. Mwayi wake mwanayo sanayambe kuzindikira."

Mawu omwewo! Kawiri tsiku limodzi!

Ndakwiya, awerengi, ndipo ndadzikwiyira ndekha. Kapusi kaja ndinakasiya pawaya poopa kukangana ndi akapitawo. Lachinayi nditabwerera ndi pulayala, ndinauzidwa kuti kanafa dzulo lake. Alamu ndiwo analimba mtima: anamutenga mayi uja ndi khanda lake, ali kunyumba kwa alamuwo mpaka lero.

Chibwerereni matipate timakuwa za ufulu pamsonkhano uliwonse. Koma mbande ya tiyi timaimangira shedi, kuithirira m'mawa ndi madzulo, chifukwa tikudziwa kuti m'mera mpoyamba. Mwana yekha ndiye timuzika pakati pa zibakera.

Inu bambo amene mumadikira kuti mwana "ayambe kuzindikira" musanasiye kumenya make, tsiku limene adzazindikirelo mukuganiza kuti adzakuitanani dzina lanji?