Lumo M'dzanja Louma

Pamalo ometera a pakona paja ankamutchula kuti Chinyezi, ndipo iye ankavomera, nanga akanatani? Zikhatho zake zinkachucha thukuta chilimwe ndi dzinja lomwe. Munthu akamupatsa moni wa dzanja ankapukutira pabuluku mobisa, ena osabisa n'komwe. Koma pa ndevu munthuyu anali katswiri. Lumo lake linkayenda pakhosi ngati silikukhudza khungu.

Ndiye tsiku lina lumolo linaterereka m'dzanja lonyowa n'kucheka aphunzitsi ena opuma ntchito pansi pa khutu. Magazi anali ochepa, koma abwana, eni malowo, anayankhula kamodzi basi.

"Zikachitikanso, mpando uwu ndipatsa wina."

Mpando umenewo ndi umene unkadyetsa ana ake, choncho mkazi wake atamukokera kuchipatala cha khungu sanalimbelimbe. Adokotala anamulemba timadontho ta inki chikhatho chonse, mizeremizere, n'kumabaya kadontho kalikonse ndi kasingano. Zinkawawa, tisanamizane. Atafika patsinde la chala chachikulu, anachepetsa mankhwala.

"Apa ndiye onjezani, adokotala," anatero Chinyezi. "M'pomwe pamakhala lumo."

"N'chifukwa chake ndikuchepetsa, bambo. Mankhwalawa amaletsa thukuta, koma akalowerera mpaka mumnofu, chalachi chifooka kwa milungu. Lero manjawa musawafikise, musawatenthetse, kuopa mankhwala angafalikire. Apume."

Chinyezi anagwedeza mutu kuvomera, ndipo mtima womvera anali nawo ndithu. Pobwerera anangoti adutse kuntchito akaonekere, n'kupeza benchi yadzaza anthu. Manja anayamba okha: kufinya thaulo lotentha, kuliyala pankhope ya munthu, kutikita mutu, kufinyanso lina. Kwa wometa zimenezo si ntchito ayi. Ntchito ndi lumo, ndipo lumo sanaligwire tsikulo. Anafika kunyumba akudzitama kwa mkazi wake kuti wamvera adokotala.

Patapita masiku thukuta linaphwa. Ankangokhalira kuyang'ana zikhatho zake, zouma ngati za anthu ena onse, chimwemwe chili tho mumtima. Batani la malaya litayamba kumuvuta m'mawa, anati vuto ndi batani. Kiyi atakana kutembenuka pachitseko, anati vuto ndi loko. Mantha anali atamugwira kale, kungoti sanauze munthu.

Loweruka aphunzitsi aja anatulukira, chipsera chili pansi pa khutu, n'kulunjika pampando wa Chinyezi.

"Ndamva kuti mwachira. Tiyeni, ndevuzi zimadikira inuyo."

Abwana anazimitsa makina awo n'kutsamira pafupi ndi galasi kuti aone.

Thovu Chinyezi analipaka bwinobwino. Tsaya lamanzere linatheka, lamanja linathekanso. Aphunzitsi anakweza chibwano atatsinzina, kholingo lili poyera. Apa m'pofunika kupana lumo zolimba pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Chinyezi anati apane, chala chachikulucho chinangoti lobodo ngati cha mwini. Lumo linapendekeka lokha, nsonga yake n'kutsamira pamtsempha umene unkagunda pansi pa thovu.

Msana wonse unanyowa, manja okha ali ouma. Panatsala kamalo kakang'ono, koti zala ziwiri n'kuphimba. Akanatha kuyesa, mwina zikanatheka, ndipo palibe akanadziwa kanthu. Abwana anali chiyang'anire. Aphunzitsi ankapuma mwakachetechete, akumukhulupirira ndi khosi lawo lonse.

Chinyezi anagwira dzanja lake lamanja ndi lamanzere, n'kulichotsa pakhosipo pang'onopang'ono. Lumo analiika pashelefu.

"Bwana, malizani ndinu. Chala changa sichikugwira."

Abwana anatola lumo, anamaliza, anapukuta thovu, n'kuperekeza aphunzitsi pakhomo. Atabwerera anafunsa motsitsa mawu.

"Chichira liti?"

"Adokotala ankati milungu. Kaya ingati."

"Mpando sungadikire milungu, achimwene. Mukudziwa nokha."

Ankadziwadi. Anavula epuloni, anaipinda, n'kuisiya pampandopo. Pakhomo abwana anatambasula dzanja, iye n'kulilandira ndi chala chake chofookacho. Anagwirana kanthawi ndithu, ndipo atasiyana abwana sanapukutire pabuluku. Chinyezi anaona zimenezo, ndipo zinamupweteka kuposa singano zonse zija.